Kadontho ka magazi kuseri kwa diso langa

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanuyi ndilankhule ndi anzanga odwala maso. Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala kufupi ndi Chinkhoma kuno ku Kasungu, ndipo chipumire ntchito ndimalima fodya wa bale ndi soya monga aliyense kuno. Kalatayi ndikunena ndine, akulemba ndi mdzukulu wanga, chifukwa maso anga masiku ano satenga nthawi kutopa. Nkhani yanga ndi ya glaucoma, matenda amene amapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono mpaka munthu kuchita khungu, makamaka kanthu kamodzi kamene ndinakhala zaka zinayi ndikudontheza mankhwala osakamvapo n'kamodzi komwe: kukha magazi pamutu pa mtsempha wa diso.

Ndiyambire kwa malemu bambo anga. Iwo anachita khungu maso ali mbee, opanda ng'ala, opanda manthongo, osawawa. Pamudzi anthu anati awalodza pa nkhani ya malire a munda, ndipo mbuzi ziwiri zinathera kwa asing'anga. Chaka china kutabwera madokotala ochotsa ng'ala tinawakweza pangolo. Anzawo achikulire anabwerako akuimba, wina akuwerenga nkhuku zake mokuwa kuti aliyense amve kuti akuona. Bambo anabwezedwa ndi mawu ochepa: "Iyi si ng'ala, mtsempha unafa kale." Pobwerera panalibe anayankhula, kunkangomveka mateyala a ngolo. Kuyambira pamenepo ankayenda atagwira ndodo, kutsogolo kwake kuli mwana wa mlongo wanga, ndipo mwanayo sukulu inathera pomwepo. Kuno tili ndi sukulu ya ana osaona ku Chilanga, ndipo ndimaipatsa ulemu, koma gogo akachita khungu kumudzi palibe sukulu yomulandira. M'malo mwake mwana woona ndiye amachoka m'kalasi.

Ine anandipeza ndi glaucoma mwangozi. Ndinapita kukafuna magalasi owerengera chifukwa Baibulo ndinali nditayamba kuligwirira kutali ngati ndikupatsira mnzanga. Wachipatala wa zamaso amene ndinamupeza anali wofatsa, anandifunsa ngati kwathu kuli amene anasiya kuona. Nditatchula bambo, anandidontheza mankhwala ochititsa dzanzi m'maso, nagunditsa kachipangizo pa diso. Lamanja linapereka 29, lamanzere 25. Anandiuza kuti mwa anthu ambiri puresha ya m'diso imakhala pakati pa 10 ndi 21.

Apa ndikonze chinthu chimene ambiri amasokoneza, ngakhale aphunzitsi anzanga. Puresha ya diso si BP ija timayezetsa pamkono. M'kati mwa diso mumapangidwa timadzi toyera usana ndi usiku, osati misozi ayi, ndipo timadzito timatulukira pa kasefa kamene kali m'mbali, pamene gawo lakuda la diso limakumana ndi loyera. Kasefako kakayamba kutsekeka zimakhala ngati ngalande ya m'dimba yadzaza zinyalala: madzi akubwerabe koma kotulukira kwachepa. Amene amavutika ndi mtsempha wopenyera umene uli kumbuyo kwa diso. Mtsemphawo uli ngati chingwe cha khonje chopotedwa ndi tizingwe toposa 1 miliyoni, ndipo tonse timatulukira pa kamalo kozungulira kosakwana mamilimita awiri. Tizingweto tikamaduka, timaduka kamodzikamodzi, mwakachetechete, ndipo kamene kaduka sikalumikizikanso. Ng'ala amachotsa, munthu n'kuonanso. Glaucoma ikatenga, yatenga. Madzi akatayika saoleka.

Anandipatsa timolol, dontho limodzi m'mawa, lina madzulo, atayamba wandifunsa ngati ndili ndi mphumu kapena vuto la mtima, pakuti mankhwalawa sagwirizana ndi anthu otero. Ndiye moyo unakhala womwewo: pakapita miyezi ingapo ndikwere minibasi, ndikhale pabenchi, ndiwerenge zilembo za pakhoma, andiyeze puresha. "17, zili bwino bambo, pitirizani mankhwala." Mawu amenewa ndinkawakonda kwabasi. M'kabuku kanga ka kuchipatala munadzaza 17, 18, 16, 18, ngati malikisi a mwana wakhama, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndikudziona ngati ndakhoza mayeso. Zilembo za pakhoma ndinkawerenga mpaka mzere wam'munsi. Ndani akanati munthu wotere akutha maso?

Sindibisa, nanenso ndili ndi mbali yanga. Ulendo wina ndinauzidwa kuti mankhwala atha, ndikagule ndekha, fodya ali asanapite ku okushoni. Ndinakhala masabata asanu ndi limodzi osadontheza, ndikudzitonthoza kuti diso silikuwawa. Glaucoma yamtundu umene ambiri tili nawo siwawa n'komwe, ndipo ine mphunzitsi ndinkadziwa zimenezi.

Chimene chinandidzutsa ndi mtanda wa chigafa. Chigafa chimenechi ndinamanga ndekha, ndimachidziwa ngati chikhatho changa. Koma nyengo yosoka fodya chaka chatha ndinadzigunda mutu pa mtanda wa polowera katatu m'sabata imodzi. Kachitatuko ndinachita kukhala pansi, mphumi itatupa. Mayi akunyumba anasiya ndawala imene ankasoka, nandiyang'anitsitsa, amvekere: "Abambo, kodi mwayamba kumwa mobisa?" Antchito anaseka, nanenso ndinaseka, koma mtima unali utagunda kale. Madzulo ake ndinaimika mdzukulu wanga pakhonde, ndinatseka diso lamanja ndi chikhatho n'kuyang'ana batani la malaya ake ndi diso lamanzere, lomwe ndinkaliyesa labwino. Batani ndinkaliona bwinobwino, mapazi ndinkawaona, koma mbali ina ya mutu wake kunalibe. Musaganize kuti panali mdima kapena chibowo chakuda. Ayi, pamalo pa mutupo pankangooneka ngati khoma lapitirira. Ubongo umadzaza wokha pamene diso lasiya, ndiye chifukwa chake munthu amatha zaka osazindikira.

Ndinapempha kalata yopita nayo kwa dokotala wamkulu wa maso ku Lilongwe. Tinanyamuka kusanache, kuwoloka Bua, kudutsa Madisi ndi Mponela, ine ndi mdzukulu wangayu. Kumeneko anandidontheza mankhwala okulitsa kamwana ka m'diso, ndinadikira pabenchi pafupifupi theka la ola mpaka zonse zinayamba kuoneka mbuu, kuwala kwa pawindo kukulasa. Kenako anandikhazika pa makina, chibwano pa kachitsulo, kuwala kunang'anima kamodzi diso lililonse. Adokotala, mayi wachitsikana ndithu woti akanatha kukhala mwana wanga wa m'kalasi, anatembenuza kompyuta nati, "Bambo, tabwerani muone diso lanu."

Ndinali ndisanaonepo kuseri kwa diso langa. Panali chinthu chozungulira ngati mbale, chofiirira m'mphepete, pakati potuwa ndi pokumbika ngati mtondo wakale, mitsempha ya magazi ikutuluka ngati mizu. Iwo analoza ndi cholembera m'mphepete mwa mbaleyo cham'munsi. Panali kamzere kofiira psuu, kosongoka ngati munga wa mthethe, kogona motsata kumene tizingwe tija timalowera. Akanapanda kuloza ndikanati ndi kamtsempha wamba.

"Puresha lero ndi 17," anatero.

"Ndiye kuti ili bwino," ndinayankha mwachizolowezi.

"Ili bwino kwa munthu wina, bambo. Kwa diso ili ayi. Kadontho aka kakutiuza kuti matenda sanagone."

Akonzi, chiganizo chimenecho ndiye chandilembetsa kalatayi. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti glaucoma ndi nambala, ndipo nambala ikakhala pansi pa 21 ndiye kuti ndapambana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matendawa ali pa mtsempha. Puresha ndi chinthu chokhacho chimene madokotala angathe kuchitsitsa pofuna kuuteteza, koma mlingo umene mtsempha wa uje umapirira si umene wa uje ungapirire. Alipo anthu amene ali ndi glaucoma puresha yawo isanakwerepo kupitirira 21 chibadwire, ndipo mwa anthu oterowo ndi mmene kadontho ka magazika kamapezeka kawirikawiri.

Adokotala aja anandifotokozera modekha, ndipo ndiyesa kubwereza monga ndinamvera. Kukha magazi kumeneku si kufiira kwa diso kumene timaona pagalasi. Diso likhoza kufiira mbali yoyera ija chifukwa cha kutsokomola kwambiri, fumbi kapena utsi wa m'khitchini, achibale n'kuchita mantha, koma zimenezo nthawi zambiri zimatha zokha ndipo sizikhudzana ndi glaucoma. Kadontho kamene ndikunena kali m'kati, kumbuyo kwenikweni. Sikawawa, sikayabwa, mwini wake sakaona, mkazi wake sakaona. Kamakhala masabata angapo, mwina miyezi iwiri kapena itatu, n'kuzimirira kokha. Si magaziwo amene amachititsa khungu, ndipo palibe mankhwala ochotsera kadonthoko. Koma pamene kaonekera ndi pamene tizingwe timakhala tikuduka, ndipo pakapita nthawi pamalopo m'mphepete mwa mbale ija pamaperepeseka, munthu n'kutaya chigawo cha zimene amaona. Mlimi aliyense amadziwa kamzere ka dothi lachinyezi kamene kamakwera pa nsanamira ya chigafa. Dothilo silimene limagwetsa chigafa, ukhoza kulikolopa ndi chala. Koma ukaliona umadziwa kuti chiswe chili pantchito m'kati mwa mtengo.

Chinandigwira mtima ndi chakuti kadontho kanga kanali cham'munsi, pomwe ine ndinkaphonya zinthu zam'mwamba. Diso limalandira chithunzi chozondoka, monga ndinkaonetsera ana ndi katoni yoboola ndi kandulo: zam'mwamba zimagwera pansi, zapansi zimagwera m'mwamba. Mtanda wa chigafa uja ndi kamunga kofiira pa kompyuta zinali nkhani imodzi.

Anandipimanso ndi makina ena oyeza kukula kwa dera limene diso limaona. Umalowetsa nkhope m'chinthu chonga mbale yaikulu yoyera, diso limodzi atalimata, uyang'ane pakati osasuntha, ndipo kakuwala kakaphethira kwina kulikonse udine batani. Ndi mayeso otopetsa, ndipo ine amene ndinkaletsa ana kuonera ndinagwidwa kawiri ndikuyendetsa diso kusaka timagetsito. Pepala litatuluka, chigawo cham'mwamba cha diso lamanzere chinali ndi uta wakuda, ngati mwezi wongokhala kumene. Za lamanja sindinena, linapita kale mbali yaikulu.

M'kabuku mwanga analemba mawu akuti Drance haemorrhage, ndipo titafika kunyumba mdzukulu wanga anawasaka pa intaneti n'kumandiwerengera usiku. Dzinali ndi la Stephen Drance, dokotala wa maso wa ku Vancouver ku Canada, amene m'chaka cha 1970 anaonetsa kuti timadontho timeneti timayenderana ndi kuwonongeka kwa mtsempha. Asanabwere iye, dokotala wina wa ku Denmark, Jannik Bjerrum, anali atazilembapo kale mu 1889. Ndiye kuti si nkhani yachilendo ayi. Inalipo bambo anga asanabadwe. Koma chimene chinandikhalitsa tsonga pampando ndi kafukufuku wina wamkulu wa ku America, wa anthu a puresha yokwera. Mwa maso 128 amene anapezeka ndi kadontho kotere, 21 okha ndi amene madokotala anawaona popima pamaso ndi pamaso. Ena 107 anadziwika pokhapokha akatswiri atayang'anitsitsa zithunzi. Tangoganizani. Ngati madokotala a kumeneko, okhala ndi zida zonse ndi nthawi yokwanira, ankaphonya ochuluka chotere, nanga wachipatala wathu amene ali yekha, panja pali mzere wa anthu mpaka pamtengo wa mango, m'manja muli katochi? Sindikumunyoza ayi. Ndikuti kanthuka n'kovuta kukaona, kamabwera n'kupita, ndipo wodwala amene amapimidwa mtsempha mwa apo ndi apo akhoza kukha magazi kangapo popanda wodziwa.

Ndisaopseze anthu mopitirira. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ambiri mwa maso amene anali ndi kadonthoka sanafike pa glaucoma m'zaka zimene ankawatsatira, ngakhale kuti chiopsezo chawo chinali chokwera kuposa anzawo. Shuga ndi BP nazonso zimatha kukhetsa magazi kuseri kwa diso. Choncho kadontho si chigamulo cha khungu, ndi belu. Ndipo pali nkhani yolimbitsa mtima: ku Sweden anatsatira odwala glaucoma 255, ena akulandira chithandizo ena ayi, napeza kuti puresha ikatsika ndi 1 yekha, chiopsezo choti matenda apitirire chimatsika ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse. Kwa ine zikutanthauza kuti pakati pa 17 ndi 13 pali mtunda wautali, mwina zaka zingapo zoyenda ndekha kupita kutchalitchi.

Chinasintha n'chiyani? Anandiwonjezera latanoprost, dontho limodzi pogona, ndipo anandiikira mlingo wangawanga: puresha ikhale pansi pa 14. Botolo losatsegula limafuna firiji, ndiye langa limakhala kwa mnzanga wa golosale pamsika, pakati pa mabotolo a Fanta. Lotsegula ndimaliika m'kachitini pafupi ndi mtsuko wa madzi pamene pamazizira. Anandiphunzitsanso kudontheza, chinthu chimene ndinkayesa kuti ndimachidziwa. Dontho limodzi ndi lokwanira, lachiwiri limangotsikira patsaya, ndalama n'kumathera pamenepo. Ukadontheza utseke diso, usindikize ndi chala pangodya ya kumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mankhwala asatsikire kukhosi. Ngati mitundu ili iwiri, pakati pake padutse mphindi zisanu.

Anandiuzanso mosabisa kuti ngati mtsempha upitirize kutha, kwatsala opaleshoni yotsegula kanjira katsopano kotulukira madzi aja. Apa m'pamene anthu athu ambiri amathawira, ndipo ndimawamvetsa. Anazolowera opaleshoni ya ng'ala, yomwe mawa lake munthu amavula bandeji n'kufuula ndi chimwemwe. Ya glaucoma siibweza kuona, imangosunga kumene kwatsala. Wodwala amene sanauzidwe bwino amabwerera kumudzi n'kumati, "Anandichita opaleshoni koma palibe chasintha," mudzi wonse n'kuopa. Palinso chithandizo cha laser, kuwala kwamphamvu kumene amaunikira pa kasefa kaja kuti madzi azituluka bwino. Ku chipatala cha KCMC ku Moshi, kwa anansi athu a ku Tanzania, anayerekeza laser ndi timolol, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti patatha chaka laser inagwira bwino ntchito pa maso 61 mwa 100 alionse, pomwe timolol inagwira pa 31. Amenewa ndi odwala onga ife, a mitunda italiitali ndi matumba osaya, ndipo kwa munthu amene botolo limamuthera fodya asanagulitse, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Ife akuda matendawa amatikonda. Kafukufuku wa mumzinda wa Baltimore ku America anapeza kale mu 1991 kuti glaucoma imapezeka kanayi kapena kasanu mwa anthu akuda poyerekeza ndi azungu, ndipo imayamba munthu akadali wamng'ono. Imayendanso m'magazi a banja. Komabe ndi angati a ife amene tikafika zaka 40 timapita kukapimitsa maso osadwala? Timadikira diso liwawe, ndipo likayabwa timathamangira kukagula timabotolo tochotsa kufiira popanda wotilembera. Ena mwa mankhwala amenewo, monga okhala ndi dexamethasone kapena betamethasone, akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amakweza puresha ya diso mwa anthu ena. Za kufinyira masamba m'maso ndisayambe n'komwe, kalata ingatalike.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe amene amatithandiza pa zamaso ndi lakuti, pamene mukuganiza za ng'ala, yomwe ntchito yake tikuiyamika, mutikumbukirenso ife. Masiku ano kuli makamera ojambulira kuseri kwa diso ogwirira m'manja, osafuna chipinda chapadera. Kamera yotere itakhala pa chipatala cha boma lililonse, chithunzi chikhoza kutumizidwa pafoni kwa dokotala wamkulu ku Lilongwe, Blantyre, Zomba kapena Mzuzu, wodwala osagulitsa nkhuku kuti apeze thiransipoti. Tili ndi achinyamata amene akuphunzira za maso ku Mzuzu University. Apatsidwe zida ndi malo m'maboma muno. Ndipo kwa achipatala amene mumationa: mukaona kadonthoka lembani m'kabuku tsiku lake, diso lake ndi mbali yake, chifukwa amene adzatione ulendo wotsatira adzapeza katazimirira.

Kwa odwala anzanga, amene timakumana pabenchi n'kumafunsana kuti "lero yanu ndi zingati?", ndikuti nambalayo muziifunsa ndithu, koma musaimire pomwepo. Funsani kuti, "Nanga mtsempha mwauona? Ukusiyana bwanji ndi ulendo watha? Mlingo wanga ine ndi uti?" Safunsa anadya phula. Musaope mankhwala okulitsa kamwana ka m'diso aja. Kuona mbuu kumatha pakapita maola angapo, ingotengani wokuperekezani ndi chipewa. Kunyumba, kamodzi pamwezi, tsekani diso limodzi muyang'ane chinthu chimene mumachidziwa bwino, kenako linalo. Si mayeso a kuchipatala, ndipo sangalowe m'malo mwake, koma ine ndi amene anandikweza minibasi.

Ndinabwererako patatha miyezi itatu. Puresha inali 13, kamunga kofiira kaja kanali katazimirira, uta wakuda wa papepala sunakule koma sunachepenso. Pa mtanda wa chigafa ndinamangirira kansalu koyera kolendewera kuti kazindikhudza pamphumi ndisanagunde. Ana anga atatu anakapimitsa, onse ali bwino pakadali pano, ndipo anauzidwa kuti azibwererako. Amene akundisowetsa tulo ndi mng'ono wanga wa ku Chamama, wa zaka 55, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza. Ndamuimbira kanayi. Yankho lake ndi lomwelomwelo: "Achimwene, ine ndimaona singano pansi, mukufuna andipeze ndi matenda amene ndilibe?" Nanenso singano ndinkaiona. Ndamuuza kuti Lachiwiri likubwerali ndifika ndekha m'mawa, mafuta a tsikulo ndilipira ine, ndipo wokwera wake woyamba ndikhala ineyo mpaka pakhomo la chipatala.

Mphunzitsi wopuma,
Chinkhoma, Kasungu